Kusesetsa chumuni ku UK: mtengo wake ndi wotani, nanga amagwira ntchito yanji?

Nachisale, Leeds

Moni nonse akuluakulu. Chisanu chayandikira, ndiye ndati ndifunse odziwa. Nyumba imene ndangogula ndi imodzi mwa zakale zogundizana zija amati terraced, pabalaza pali mbaula yankhuni ya 5kW, ndipo pepala losonyeza tsiku limene chumuni inasesedwa komaliza palibe. Osesa atatu atchula mitengo: wina £55, wina £85, wina £190. Chumuni ndi imodzi yomweyo. Kusiyana konseku kukuchokera pati? Kapena wa £190 wangoona kuti ndine mlendo?

aMbewe, Manchester

Zikomo mayi. Musanamuweruze wa £190, afunseni onse atatu funso limodzi: mu ndalama imeneyi muli chiyani? Mupeza kuti atchula mitengo ya ntchito zitatu zosiyana.

Kusesa wamba, chumuni imodzi, kunja kwa London kumakhala pakati pa £60 ndi £90 kawirikawiri. Ku London ndi madera ozungulira kumafika £100 n'kupitirira. Choncho wa £85 ali pamtengo wa msika, ndipo ayenera kuti waphatikiza kuyesa utsi ndi satifiketi. Wa £55 akhoza kukhala munthu wabwinobwino amene akuyamba kumene, komanso akhoza kukhala wongolowetsa burashi n'kumapita osasiya pepala lililonse. Wa £190 ndikukhulupirira kuti waphatikizapo kuyendera chumuni ndi kamera, chifukwa munamuuza kuti mbiri ya chumuniyo simukuidziwa. Kusesa n'kuchotsa mwaye. Kuyendera ndi kamera n'kuona ngati njira ya utsi ili yathanzi. Ambiri timaziphatikiza pamodzi pofunsa mtengo, n'chifukwa chake mayankho amasokoneza.

Funsaninso za VAT. Wogwira yekha nthawi zambiri sakhala mu kaundula wa VAT, pamene kampani yaikulu imaonjezera 20 peresenti pamwamba.

Nachisale, Leeds

Chabwino achimwene. Nanga munthu angadziwe bwanji kuti ntchito yagwirika mokwanira, poti m'katimo sitionamo?

aMbewe, Manchester

Pali zimene mungaone ndi maso anu. Ntchito yabwino imatenga mphindi 45 mpaka ola limodzi. Akamaliza m'mphindi khumi ndi zisanu, dziwani kuti pena padumphidwa.

Amayamba ndi kuyala nsalu pansi kuyambira pakhomo mpaka pa mbaula. Kenako amachotsa chitsulo chopingasa chimene chimakhala kumwamba m'kati mwa mbaula, chija amati baffle, pamodzi ndi njerwa za m'mbali ngati zikutchinga. Pamwamba pa baffle ndi pamene mwaye umaunjikana kwambiri, ndipo wosesa waulesi amadziwika pomwepa, chifukwa sachichotsa. Akatero amatseka pakamwa pa mbaula ndi nsalu kapena siponji, kusiya kampata kolowetsera ndodo ndi payipi ya makina okoka fumbi. Makinawo akhale okhala ndi sefa ya HEPA, ija yogwira ngakhale fumbi losalala kwambiri. Huva wamba ya m'nyumba imameza mwaye kutsogolo n'kuulavula kumbuyo, balaza lonse bii.

Ndodo amazilumikiza imodzi imodzi, iliyonse pafupifupi mita imodzi, mpaka burashi itatulukira pamwamba. Apa tulukani panja mukaone nokha burashi itasuzumira pa mphika wa chumuni, payipi ija ya pamwamba penipeni potulukira utsi. Wosesa wodziwa ntchito amachita kukuitanani. Ngati pamwamba pali chipewa chotchinga, muimva ikugunda.

Mtundu wa burashi ulinso ndi nkhani. Ngati m'chumuni munaikidwa payipi yachitsulo yopindika, ija amati liner, burashi yake ndi yofewa ya nayiloni, yolingana ndi kukula kwa payipiyo. Burashi ya waya imakanda ndi kuboola liner. Ya njerwa zokhazokha imafuna burashi yolimba komanso yaikulu.

Tsono chofunika kwambiri: muone zimene zagwa. Mwaye wouma, wofewa ngati ufa, ndiye kuti mukuotha bwino. Tizidutswa takuda tonyezimira ngati phula louma, ndiye kuti nkhuni ndi zaziwisi kapena moto mumaupana mpweya. Mchenga ndi zibenthu za matope a njerwa zikusonyeza kuti pulasitala wa m'kati akuyoyoka. Tizidutswa ta dzimbiri, liner yayamba kudyeka. Timitengo ndi udzu, muli chisa. Wosesa amene wangothira zonse m'thumba osakuonetsani wakumanani theka la zimene mwalipira.

Pomaliza amatenthetsa njira ya utsi pang'ono, n'kuyatsa kambulu kotulutsa utsi m'mbaula kuti aone ngati ukukwera wonse osabwerera m'nyumba. Amayang'ananso chingwe chotseka mipata cha pachitseko cha mbaula. Chimenechi mungayese nokha: panani pepala ndi chitseko, mukoke. Likasololoka mosavuta, chingwe chatha, ndipo kusintha kwake si ndalama zambiri.

aTembo, Glasgow

Zonsezo ndavomera aMbewe, koma za kamerazi ine ndimazikayikira. Nyumba zimenezi zakhala zaka zoposa 100 zikufuka utsi popanda kamera. Lero aliyense wagula kakamera ndiye akufuna tibweze ndalama zake. Ngati utsi ukukwera bwino, £100 yowonjezerayo ndi ya chiyani?

aChirwa, Nottingham

ATembo, pang'ono mwalondola. Kamera chaka chilichonse n'kutaya ndalama, ndipo amene akukukakamizani zimenezo akungofuna malonda. Koma zoti utsi ukukwera bwino sizitanthauza kuti chumuni ili bwino. Paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Taonani mmene nyumba za nthawi ya Mfumukazi Victoria anazimangira. Mutu umodzi wa chumuni umene mukuuona padenga umanyamula njira zingapo: ya pabalaza, ya chipinda chodyera, za zipinda zogona, ndipo m'nyumba zogundizana mumakhalanso za aneba. Njira iliyonse ndi pafupifupi 225mm mbali zonse, ndipo imakhota kuti ilambalale malo a moto a chipinda chapamwamba. Chimene chimalekanitsa njira ina ndi inzake ndi kakhoma ka njerwa imodzi yogoneka, kopyapyala. M'kati anamata ndi matope a laimu. Zaka zonsezi mwaye wa malasha, umene uli ndi salufa, wakhala ukusakanikirana ndi chinyontho n'kupanga asidi amene amadya matopewo. Njerwa imodzi ikagweramo pa kakhomako, utsi wanu umadutsira njira ya chipinda chogona ana, kapena ya aneba. Kuchokera pansi mukuona utsi ukukwera bwinobwino, kunja ukutuluka, koma gawo lina likuthera m'chipinda.

Kuyesa utsi kulinso pawiri. Kumene afotokoza aMbewe kumangoona ngati chumuni ikukoka. Kwina amatseka pansi ndi pamwamba, utsi n'kudzaza m'katimo, munthu n'kuyendera zipinda zonse ndi kudenga kufufuza pamene ukudontha, komanso kuona ngati ukutulukira pa mphika wina umene si wake. Kuyesa kwachiwiriku kumafuna kukwera padenga, ndiye kumadula.

Nthawi zimene kamera ili yoyenera ndi izi: mwangogula nyumba ndipo mbiri yake simukuidziwa, ngati mmene zilili kwa mayi Nachisale, chumuni inagwirapo moto, mukufuna kuika mbaula yatsopano, burashi ikukanirira penapake, kapena mukumva fungo la utsi m'zipinda zam'mwamba. Payokha kamera imakhala pakati pa £100 ndi £250, koma imatsika mukaiphatikiza ndi kusesa tsiku lomwelo. Ndipo iyenera kulowa atasesa kale. Kamera m'chumuni yodzaza mwaye imangojambula mdima. Muwauze akupatseni kanema wake ndi lipoti lolembedwa.

China chimene ogula nyumba ambiri sadziwa: saveya wa RICS (bungwe la akatswiri oyendera nyumba musanaigule), kaya kuyenderako ndi kwa Level 2 kaya Level 3, amayang'ana chumuni kunja, koma m'kati mwa njira ya utsi salowamo. Mukawerenga lipoti lake mupeza akungolangiza kuti muitane katswiri musanayatse moto.

aTembo, Glasgow

Ngati muli liner kale, nkhani ya njerwa zogwayo sikugwiranso ntchito, si choncho?

aChirwa, Nottingham

Imachepa, koma liner nayo ili ndi matenda ake. Zilipo za mitundu iwiri ya chitsulo, 316 ndi 904. Ya 316 ndi ya nkhuni. Ya 904 ndi yolimba kwambiri ku asidi, yoyenera amene amaotha malasha opanda utsi aja. Munthu akamaotha malasha usiku wonse pa 316, makamaka posakaniza ndi nkhuni zonyowa, imabooka zaka zochepa, ndipo imayambira kumwamba kumene utsi umazizira. Imakhalanso ndi muvi wosonyeza mbali yoloza kumwamba. Oika mwachinyengo ena amaizondotsa, phula n'kumatsikira m'mizere ya payipi. Zoterezi burashi siingakuuzeni.

Mayi Nachisale, fufuzani kachitsulo kolembedwa kamene malamulo omangira nyumba, gawo lija amati Approved Document J, amafuna kuti kakhomedwe mbaula ikaikidwa. Kamakhala pafupi ndi mita ya magetsi, pa bokosi la mafyuzi, kapena pambali pa mbaula pomwepo. Kamanena mtundu wa liner, kukula kwake, tsiku loikira ndi dzina la woika. Ngati kulibe, komanso pa mapepala ogulira nyumba palibe satifiketi ya HETAS (bungwe lovomereza amisiri oika mbaula) kapena ya khonsolo, ndiye kuti mwina mbaulayo anaika okha eni ake akale. Pamenepo £190 ija ine sindingaidandaule.

Nangozo, Luton

Ndilowepo pa nkhani ya pepala, poti ndi pamene anthu amalira pambuyo pake. Ku UK kulibe lamulo loletsa munthu aliyense kudzitcha wosesa chumuni. Mawa lomwe mukhoza kugula ndodo n'kulemba pagalimoto. N'chifukwa chake muyang'ane ngati ali membala wa limodzi mwa mabungwe odziwika: National Association of Chimney Sweeps, Guild of Master Chimney Sweeps, APICS, kapena ali pa mndandanda wa HETAS. Onsewa ali ndi malo pa intaneti pamene mumalemba postcode yanu n'kuona mayina. Musakhulupirire chizindikiro chomata pagalimoto, fufuzani dzinalo. Mufunsenso ngati ali ndi inshuwalansi yolipira akaononga katundu wanu.

Kenako tsegulani pepala la inshuwalansi ya nyumba yanu, muwerenge pamene akunena za moto ndi chumuni. Makampani ena amalemba poyera kuti isesedwe kamodzi pachaka ndi munthu wovomerezeka. Ena amangoti nyumba muziisamalira moyenera, koma moto ukabuka chinthu choyamba kufunsa ndi satifiketi. Nyumba zofolera udzu, zimene kuno ndi za anthu olemera, mosiyana ndi kwathu, malamulo ake ndi okhwima kuposa apa. Satifiketi muijambule pafoni tsiku lomwelo, chifukwa ikapsera m'nyumba momwemo ikuthandizani chiyani?

Kwa amene muli pa lendi: kusesa kumatengera zimene zalembedwa mu mgwirizano wanu, ndipo nthawi zambiri landilodi amapereka chumuni yosesa polowa, wokhalamo n'kumasesetsa chaka ndi chaka. Koma kukonza chumuni yowonongeka ndi udindo wa mwini nyumba. Ku England, kuyambira pa 1 Okutobala 2022, landilodi ayenera kuika alamu ya carbon monoxide (mpweya wapoizoni wochokera ku moto) m'chipinda chilichonse chokhala ndi chipangizo choyaka moto chokhazikika, kupatula chitofu chophikira cha gasi. Akakana kukonza atachenjezedwa ndi khonsolo, chindapusa chimafika £5,000.

aTembo, Glasgow

Kuno ku Scotland zinapitirira pamenepo. Kuyambira Febuluwale 2022 nyumba iliyonse, ya lendi kapena yanuyanu, iyenera kukhala ndi maalamu a utsi olumikizana, komanso ya carbon monoxide pamene pali mbaula, boyila kapena njira ya utsi.

aGondwe, Birmingham

Pa alamu pomwepo, ambiri amagula koma amaika polakwika. Ikhale mita imodzi mpaka atatu kuchokera pa mbaula. Mukaika kudenga, italikirane ndi khoma 300mm. Mukaika pakhoma, ikhale pamwamba kuposa zitseko ndi mawindo, koma italikirane ndi denga 150mm kapena kuposerapo. Pa paketi payenera kulembedwa BS EN 50291. Mtengo wake ndi £20 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo imakhala ndi tsiku lothera ntchito kumbuyo kwake. Yakale imene munaipeza m'nyumba muitembenuze muone.

Amene muli ndi moto wa gasi wolowa m'chumuni, musaganize kuti poti gasi alibe mwaye ndiye nkhaniyi sikukukhudzani. Chisa kapena njerwa yogwa imatseka njira chimodzimodzi, ndipo gasi sakuchenjezani ndi utsi wooneka. Vuto pa mtengo ndi lakuti wosesa saloledwa kumasula chipangizo cha gasi pokhapokha ali mu kaundula wa amisiri a gasi ovomerezeka, uja amati Gas Safe. Ndiye mumalipira anthu awiri: injiniya womasula ndi kubwezeretsa, ndi wosesa. Nzeru yake ndi kuwaitana tsiku limodzi, pa nthawi imene injiniya amabwera kale kudzayendera gasi pachaka.

Ndinenenso ichi ngakhale chili pambali, poti magetsi ndi gasi zakwera mtengo ndipo maganizo amabwera. Mbaula ya makala kapena chootchera nyama musalowetse m'nyumba za kuno, ngakhale makala ataoneka kuti ayaka bwino. Khitchini ya kumudzi imapuma padenga ndi m'mipata ya chitseko. Nyumba ya kuno, ya magalasi awiriawiri ndi mphira m'zitseko, ili ngati botolo. Mpweya wa carbon monoxide umene makala amatulutsa sununkha, suoneka. Mutu umayamba kuwawa, chizungulire, nseru, tulo, basi.

Nachisale, Leeds

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira. Funso lina: wosesa wina anati nkhuni zimafuna kusesa kanayi pachaka. Kanayi kuchulukitsa ndi £85 ndi £340. Ndi zoona zimenezi kapena ndi malonda?

aMbewe, Manchester

Sananame, koma sanamalize. Malangizo a mabungwe aja amati nkhuni, miyezi itatu iliyonse pa nthawi imene mukuotha. Malasha wamba kawiri pachaka. Malasha opanda utsi, mafuta ndi gasi kamodzi pachaka. Mawu akuti pa nthawi imene mukuotha ndiwo ofunika. Ngati mumayatsa kuyambira Okutobala mpaka Malichi tsiku lililonse, ndiye kawiri. Ngati mumayatsa Loweruka ndi Lamulungu madzulo okha, nkhuni zili zouma, kamodzi pachaka n'kokwanira kwa ambiri. Wosesa woona mtima amakuuzani poona kuchuluka kwa zimene zagwa ulendo woyamba.

Ndipo apa ndi pamene mtengo weniweni umapangidwira, pa nkhuni. Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauponya pamoto, kutentha kumathera kuwiritsa madziwo, utsi umakwera uli wozizira ndi wonyowa, n'kumata m'makoma a chumuni. Poyamba ndi mwaye, kenako makoko, pamapeto pake phula lolimba lonyezimira ngati galasi. Limeneli burashi imangoterereka. Pamafunika mankhwala olifewetsa ndi maulendo awiri kapena atatu, ndipo £85 ija imasanduka mazana angapo. Liner ikamatidwa kwambiri ena amangoti ichotsedwe.

Nkhuni zikhale ndi chinyontho cha 20 peresenti kapena kutsika. Kachipangizo koyezera kamagulidwa pa £15 mpaka £20. Osayeza kunja kwa chikuni, kunja kumanama. Chiwazeni pakati, mubaye timano take pamene mwawazapo. Ku England, kuyambira pa 1 Meyi 2021, nkhuni zogulitsidwa pang'onopang'ono, zosafika makiyubiki mita awiri, ziyenera kukhala zouma ndi chizindikiro cha Ready to Burn. Zogula mulu waukulu zikhoza kubwera zaziwisi, muumitse nokha chaka chimodzi kapena ziwiri, pamalo ofolera pamwamba koma otsegula m'mbali. Mtengo wa oak umafuna ziwiri zathunthu.

Chachiwiri ndi chizolowezi chimene ambirife tinakula nacho, chosunga moto. Kwathu chitsa chimagona chikunyeka mpaka m'mawa, umangopemerera. Kuno anthu amadzaza mbaula usiku n'kutseka mpweya wonse kuti m'mawa apeze makala. Moto wonyeka chonchi ndi fakitale ya phula. Galasi la mbaula likamada tsiku lililonse, chumuni nayo ikuda chimodzimodzi. Gulani kageji koyezera kutentha, ka maginito komata pa payipi. Tambiri timasonyeza kuti malo abwino ndi pakati pa madigiri 150 ndi 250. Matabwa openta, zidutswa za mipando ndi za mpanda zothira mankhwala, izo ayi ndithu.

aTembo, Glasgow

Nanga kusesa wekha? Ndodo ndi burashi zimagulitsidwa £40 kapena £50. Chaka chimodzi zabweza.

aMbewe, Manchester

Palibe choletsa, ndipo pakati pa nyengo n'kothandiza. Koma satifiketi simungadzilembere, choncho ulendo umodzi pachaka usiyireni katswiri. Mukamasesa nokha ndi ndodo zopotera, muzipotoza kumanja kokhakokha, pokwera ndi potsika pomwe. Mukangopotoza kumanzere kamodzi, ndodo imamasuka, burashi n'kutsala pakati pa chumuni. Kuitulutsa kumeneko nthawi zina kumafuna kuboola khoma. Zilipo ndodo zotsekera ndi kabatani, n'zodulirapo koma sizimasuka.

aChirwa, Nottingham

Tisaiwale mbalame, chifukwa ndizo zimasintha bilu mwadzidzidzi. Kuli kambalame ka mtundu wa khwangwala, kakang'ono, kotuwa pakhosi, dzina lake jackdaw. Kamaponya timitengo m'chumuni mpaka kena katapingasa, kenako kamaunjika pamwamba pake. Chisa chimodzi chimatha kudzaza matumba angapo a zinyalala, ndipo mbalamezo zimabwerera malo omwewo chaka chamawa. Zizindikiro zake ndi timitengo togwera pa moto, phokoso m'mawa, ndi mbalame ziwiri zokhala pa mphika nthawi zonse. Kuchotsa kumalipiritsidwa padera, kawirikawiri £100 mpaka £200 malinga ndi maola, ndipo pambuyo pake kamera imafunika kuti atsimikize kuti palibe chatsala pokhota.

Koma simungachotse nthawi iliyonse. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuononga chisa chimene chikumangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito. Nyengo yoswa ndi kuyambira Malichi mpaka Ogasiti, ndiye wosesa akapeza chisa chamoyo mu Meyi amalongedza n'kudzabwera Seputembala, ndipo ena amalipiritsa ulendo wachabewo. Mankhwala ake ndi chipewa chokhala ndi waya pa mphika. Kugula ndi kuika pamodzi ndi £100 mpaka £200 ngati makwerero afika. Waya wake ukhale wa mipata yoyenera nkhuni. Wothina kwambiri umatsekeka ndi mwaye.

Pa zokonza zina, mitengo imasiyana dera ndi dera, koma kuti mukhale ndi chithunzi: simenti yozungulira mphika ikang'ambika, kapena matope a pakati pa njerwa akafumbutuka, kapena mtovu wotchinga madzi polumikizana chumuni ndi denga ukasuntha, ntchito iliyonse ndi mapaundi mazana angapo. Chimene chimapweteka ndi scaffolding, nsanja yazitsulo yokwerera padenga, imene payokha imatha kudya £500 mpaka £1,000, nthawi zina kuposa ntchito imene mwaiikira. Ndiye ikangoimikidwa, chitani zonse kamodzi: simenti, mtovu, chipewa, liner ngati ikufunika. Liner ya nyumba yosanja kamodzi imakhala mamita 8 mpaka 10, ndipo kugula ndi kuika kumayambira cha m'ma £800 kufika £1,500 kapena kupitirira. Kukula kwake kwanthawi zonse ndi 150mm. 125mm imaloledwa pa mbaula zimene DEFRA, unduna wa boma woona za chilengedwe, inazivomereza. Mutu wa chumuni ukakhala wa nyumba ziwiri, kambiranani ndi aneba musanayambe, mwina n'kugawana ndalama ya scaffolding.

Chenjezo limodzi: wosesa akakuuzani kuti pakufunika liner yatsopano ndipo iye yemweyo ndi woika, muuzeni akuonetseni pa kanema pamene pabooka, kenako mufunse mitengo kwa ena awiri.

Nangozo, Luton

Poti mwatchula DEFRA, mayi Nachisale afufuzenso pa khonsolo ngati msewu wawo uli m'dera loletsa utsi. Mizinda ikuluikulu yambiri ili choncho, kuchokera pa lamulo la Clean Air Act la 1956 limene linabwera utsi utapha anthu masauzande ku London mu Disembala 1952. M'madera amenewa nkhuni zimaloledwa pa mbaula yovomerezeka yokha. Ku England chindapusa cha chumuni yofuka utsi ndi £175 mpaka £300, ndipo kugula nkhuni kapena malasha osaloledwa kumafika £1,000. Dzina la mbaula yanu mulifufuze pa mndandanda wa DEFRA.

aGondwe, Birmingham

Wina anene za moto wa m'chumuni, chifukwa ambiri sadziwa kuti umamveka bwanji.

aMbewe, Manchester

Umalira ngati ndege ikunyamuka, kapena ngati chimphepo m'khoma. Kunja mphika umalavula ntchetche za moto ndi utsi wakuda wochindikala, ndipo khoma la chumuni m'chipinda chapamwamba limatentha. Phula likayaka kutentha kumapitirira madigiri 1,000. Tsekani chitseko cha mbaula ndi mipata yonse ya mpweya, tulutsani anthu, imbani 999. Musathire madzi m'mbaula yotentha, chitsulo chimang'ambika. Ngakhale moto utazima wokha, aitaneni ndithu ozimitsa moto, chifukwa matabwa a kudenga amatha kunyeka mwakachetechete kwa maola. Ukatha, osayatsanso mpaka isesedwe ndi kuonedwa ndi kamera. Moto wina umayaka mwakachetechete osamveka n'komwe, umangodziwika wosesa akagwetsa phula lofufuma lopepuka ngati chisa cha njuchi.

Nachisale, Leeds

Ndiye ndatenga wa £190 chaka chino, zaka zotsatira wa £85. Onse akuti mpata ulipo pakatha milungu isanu. Komanso m'chipinda chapamwamba muli malo a moto amene anatsekedwa ndi thabwa, ndipo khoma lake lili ndi banga lachikasu. Nalonso likufuna wosesa?

aChirwa, Nottingham

Milungu isanu ndi mmene zimakhalira kuyambira Seputembala mpaka Khirisimasi, aliyense amakumbuka nthawi imodzi. Chaka chamawa itanani mu Epulo kapena Meyi mukangosiya kuotha. Mpata umapezeka sabata yomweyo, ena amatsitsako mtengo, ndipo mwaye sugona m'chumuni chilimwe chonse ukudya chitsulo. Pakadali pano musayatse mpaka abwere.

Banga lachikasulo ndi chinyontho chosakanikirana ndi mwaye wakale, chikudutsa m'njerwa. Njira yosagwiritsidwa ntchito imafuna zinthu zitatu: isesedwe komaliza, pamwamba aikepo chipewa choletsa mvula koma cholola mpweya, pansi pa thabwalo aboolepo kawindo ka mpweya. Anthu amatseka pansi ndi pamwamba ndi simenti poganiza kuti akusunga kutentha, mpweya wonyowa n'kutsekeredwa m'katimo. Kupenta pamwamba pa bangalo n'kutaya penti, limatulukanso pakatha miyezi iwiri. Muuzeni wosesayo pasadakhale kuti njira ndi ziwiri, ambiri amachotsera pa yachiwiri akaichita ulendo umodzi, koma thabwalo liyenera kuchoka kuti ndodo zilowe.

aMbewe, Manchester

Ndipo mbaula ikhale yozizira, maola 24 opanda moto asanafike. Phulusa muchotseretu, ndi zokongoletsa za pashelefu pamwamba pa mbaula, mumusiyire malo okwana mamita awiri kutsogolo kwake oti ayalepo nsalu ndi kulumikiza ndodo. Ngati msewu wanu ndi wolipira poimika galimoto, mukonzereni chiphaso cha alendo, apo ayi ndalama imeneyo muipeza pa bilu.